Nyumba ya Matabwa ndi Chaka cha 1924

Lamulo la Zambia la 1989, lomwe linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, bungwe losamalira zinthu zakale za dziko, limaika nyumba yomangidwa 1 Januwale 1924 asanafike m'gulu la cholowa chamakedzana, kutanthauza chinthu chosayenera kugwetsedwa popanda chilolezo. Choncho nyumba yakale ya matabwa ku Shimabala, kufupi ndi Kafue kumene njanji inafika mu 1906, imangofunika kutsimikiza zaka zake, ngakhale kuti mboni imene yakhalamo mosadukiza ndi chiswe, chomwe mwatsoka chimadya umboniwo.

Mwini nyumba akamakhalabe momwemo, anansi amati ndi umphawi ndipo amamulangiza mwachikondi kuti agule simenti. Koma matabwa omwewo, makamaka akakhala a mukusi, mtengo wolimba umene Zambezi Sawmills inkadula ku Mulobezi, akazulidwa, kupalidwa ndi kulipiriridwa pa geti ya msonkho wa pamsewu ya ku Shimabala polowera ku Lusaka, amasanduka tebulo lodula limene alendo amalisisita mwaulemu. Madandaulo onse okhudza kutha kwa nyumba zakale amakambidwa bwino anthu atakhala mozungulira tebulo loterolo.