Galu wamkota ndi mbale yopanda ndiwo

Bambo anga sakhulupirira kuti munthu wa nzeru zake angatulutse ndalama m'thumba nkugula pepala lopanda kanthu. Ndidazimva bwino zimenezi mwezi wa Juni uno titakhala pakhonde kwathu ku Senga Bay, mwera utakwiya, mabwato onse ali gone pamchenga. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Joni adatumizira mwana wake kabuku ka zithunzi kophunzirira masamu. Mwanayo ali Sitandade 1 ndipo amakhala ndi agogo akewo. Kabukuko nkokongola ndithu, masamba ake olimba ngati katoni. Apa bakha mmodzi, apo mipira iwiri, uko nsapato zitatu. Koma tsamba loyambirira lili ndi mbale yoyera mbee, yopanda ngakhale msuzi, ndipo pambali pake pali chinambala chozungulira ngati dzira: 0.

Bambo adalisuzumira tsambalo, nkulitembenuza kuti aone ngati ndiwozo zagwera kuseri.

"Ndiye kuti anthuwa adagula inki, kuyatsa makina, kukweza bukuli basi, kudutsa nalo Tete mpaka pa Mwanza, kuti adzatiuze ife kuti m'mbale mulibe ndiwo? Ife sitikudziwa?" Adaliponya pamphasa. "Galu wamkota sakandira pachabe. Wolemba bukuyu ndi kamwana ka galu."

Ine, poti ndine amene ndidadya ndalama za fizi pabanjapo, ndidaona kuti ndi udindo wanga kuikira kumbuyo sukulu. Ndidati vuto si ziro ayi, vuto ndi mbaleyo, yachilendo, yopanda ngakhale chipsera cha mwaye. Mwana wa kunyanja mumphunzitse ndi za kunyanja. Ndidalonjeza pamaso pa mboni kuti pofika Lamlungu ndikhala nditajambula buku langalanga. Ndidagula kope ndi pensulo pagolosale, nkukhala pansi pa mtengo wa mango.

Kuyambira 1 mpaka 9 ntchito idayenda ngati bwato la injini. Kampango mmodzi ndi ndevu zake. Chambo ziwiri. Nyali zitatu za asodzi a usipa. Utaka, mcheni, nkhafi, zonse zidalowa. Sindine katswiri wojambula, kampango wanga ankafanana pang'ono ndi mlamu wanga, koma mwana ankawerenga bwinobwino. Kenaka ndidabwerera pa tsamba loyamba lija, ndipo m'pamene ndidadziwa kuti ndadziputira nkhondo.

Ndidajambula beseni lopanda nsomba, nkumuitana mwana uja. "Muli nsomba zingati umu?"

"Pali beseni limodzi, amalume."

Ndidafufuta. Ndidajambula thandala lopanda usipa, bango lokhalokha.

"Thandala limodzi."

Ndidaganiza zomuchenjerera. Ndidajambula nyanja, mafunde okhaokha, popanda bwato, popanda mbalame, ngakhale chilumba cha Namalenje chimene timachiona tsiku ndi tsiku ndidachisiya dala. Iye adayang'anitsitsa, nkundiyang'ana ine ngati munthu wa ku Lilongwe amene wabwera kudzasambira pa Khirisimasi. "Nsomba zili pansi, amalume. Sizioneka pamwamba."

Ndidajambula ukonde wa chilimira atauyanika, iye adayamba kuwerenga maso a ukondewo. Ndidajambula mphaka akunyambita milomo pafupi ndi mbale, iye adati nsomba ili m'mimba mwa mphaka, ndiye ndi imodzi. Ndidajambula minga yokhayokha, adafunsa amene wadya osamugawira. Chofufutira chidatha, ndidayamba kufufuta ndi chala chonyowetsa malovu, pepala nkuboola. Pomaliza ndidamupatsa tsamba loyera, osalembapo kanthu ngakhale kadontho, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti apa ndamugwira.

"Pepala limodzi."

Bambo ankamvetsera zonsezi akusoka ukonde, osatukula mutu. Adangoti, "Kanda, mwana wanga, kanda." Ndipo kunena zoona, pa ola limenelo mwambi uja udaoneka wolondola kuposa kale lonse. Masiku atatu ndikukumba pamalo pamene aliyense akuona kuti palibe fupa.

Komatu ndisanagonje ndinene ichi: agalu amene adayamba kukanda pachabe chimenechi sadali tiana. Aroma, amene adamanga misewu ndi kulamulira maiko, manambala awo aja timawaona pa mawotchi ena alibe ziro, ndipo yesani kuchulukitsa XLVIII ndi XIX muone ngati simuitana mutu waching'alang'ala. Ku India, m'chaka cha 628, katswiri wina dzina lake Brahmagupta adalemba malamulo a nambala imeneyi ngati nambala yeniyeni, kuti ukachotsa chinthu pa icho chomwe chotsala ndi ziro. Ankafotokoza masamu ake ndi mawu a chuma ndi ngongole, ziro ali pakati pa ziwirizo, ndipo aliyense amene adamalizapo kubweza katapila akudziwa kuti pakati pamenepo mpokoma bwanji. Nayenso adapunthwa penapake: adati ziro ukamugawa ndi ziro yankho ndi ziro, zimene akatswiri a masiku ano amakana. Mumzinda wa Gwalior muli kachisi amene pakhoma pake adazokotapo nambala 270 m'chaka cha 876, ka ziro kozungulira bwinobwino ngati kathu komweka. Nkhani yake sidali yakumwamba ayi, ankanena za kukula kwa munda wa maluwa. Amwenyewo ankati sunya, kutanthauza chopanda kanthu. Aluya adati sifr, ndipo Aswahili mpaka lero amati sifuri. Mtaliyana Fibonacci, amene adafalitsa manambalawa ku Ulaya ndi buku lake la m'chaka cha 1202, adawaphunzira ali mnyamata ku Bugia, m'dziko limene lero ndi Algeria, muno mu Africa momwe. Kuchokera kumeneko mawuwo adagubuduzika m'makamwa mwa anthu mpaka kudzafika kwa ife ali ziro.

Ndidawafotokozera Bambo zonsezi. Adafunsa ngati Brahmagupta ameneyo adagwirapo nsomba.

Chimene chidawagwedeza pang'ono si mbiri ayi, koma manyazi anga. Lachisanu mwera udapumako, mabwato angapo adalowa, ndipo m'mawa mwake ndidapita kudoko kukagula ndiwo. Tidagwirizana ndi mayi wina K6,000, ndipo poti m'thumba mudalibe ndalama yogwirika, ndidati nditumiza pafoni. Dzuwa likuthwanima pagalasi, chala changa chonenepachi chidagunda kawiri pamalo amodzi. Foni ya mayiyo idalira, iwo adayang'ana, adandiyang'ana, nkuyamba kuseka mpaka kugwira m'chiuno. "Achimwene, mwagula nsomba kapena mwagula bwato?" K60,000. Adandibwezera, Mulungu awadalitse, koma asanabweze adayamba aitana anzawo onse a pamzerepo kuti adzaone munthu wophunzira.

Nkhani idafika kunyumba ine ndisanafike. Bambo adandilandira ndi funso: "Ndiye chabe wako uja amafuna kudya K54,000 yekha?"

Ndiye ziro ameneyo. Akakhala yekha ndi mlendo wofatsa, sapempha madzi. Muikeni kumanzere kwa 6, palibe chosintha. Koma akangokhala kumanja, 6 uja wasanduka bwana. Anzathu a ku Zimbabwe adamuona atalusa: m'chaka cha 2009 adali ndi pepala la ndalama la madola 100 trillion, 1 mmodzi akutsogolera maziro 14 ngati bakha ndi ana ake. A ku Zambia adatopa nawo, pa 1 Januwale 2013 adangodula maziro atatu pa kwacha yawo. A ku Mozambique adachita chimodzimodzi ndi metical mu 2006. Ife kuno tidalandira K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022, ndipo ndikamaona mmene mitengo idathamangira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndimaona ngati mwana wa Sitandade 1 wa lero afunika kumudziwa ziro msanga kuposa mmene ife tidamudziwira. Nthawi yathu ziro tinkakumana naye pa mayeso pokha, aphunzitsi atamulemba ndi cholembera chofiira, anzako nkumakufunsa ngati dziralo ukazinga kapena uwiritsa. Tidakula tikumuona ngati chitonzo. Palibe adatiuza kuti ndi nambala.

Madzulo a tsiku lomwelo Bambo adatenga kope langa lobowoka lija, kulitsegula pa tsamba loyamba, nkupukusa mutu.

"Iwe ukulakwitsa funso. Ukumufunsa mwana kuti zingati. Zingati za chiyani, poti sadazione?"

Adamutenga mwana uja kupita naye pamchenga wonyowa, ine ndikutsatira m'mbuyo ngati wophunzira wobwereza kalasi. Adatola timiyala titatu nkutikanikiza pamchenga. "Tingati?" Titatu. Adachotsa kamodzi. Tiwiri. Adachotsanso. Kamodzi. Adachotsa kotsiriza, pamchenga nkutsala timaenje titatu tozungulira, tosalala, ngati munthu wachita kujambula.

"Tingati?"

Mwana adakhala chete, kuyang'ana timaenjeto. "Palibe, agogo."

"Palibe pati?"

"Apa."

Ndidaima pamenepo pakamwa pali yasa. Masiku onse aja ndinkafuna kujambula kupanda kanthu kosakhala paliponse, pamene chilankhulo chathu chomwechi sichilola zimenezo. Ife sitinena kusowa kwa chinthu osatchula malo ake. Pathandala palibe. M'bwato mulibe. Kunyanja kulibe. Mawu atatu, lililonse lanyamula malo ake kumutu. Ndipo ntchito yaikulu ya ziro m'masamu ndi yomweyo, kusunga malo. Mu 205, iye wakhala pampando wa makumi nkumauza aliyense kuti eni ake kulibe koma mpando ngwawo, 2 asasendere kuno. Mukamuchotsa, mwatsala ndi 25, ndipo mlandu wayamba. Mwana amene amati mulibe akasuzumira mumphika wa ndiwo wamudziwa kale ziro. Chimene sadziwa ndi chakuti anthu ena adampatsa nkhope. Pali akatswiri ena amene amaganiza kuti nkhope yozungulirayo idachokera pa kadzenje kotere, kotsala pamchenga wowerengera akachotsa mwala. Kaya ndi zoona kaya ayi, Bambo sadawerengepo zimenezo. Iwo amangosewera bawo pansi pa mtengo, ndipo wosewera bawo aliyense amadziwa kuti dzenje lopanda kanthu ndilo limaimitsa dzanja. Amaliwerengera kuposa maenje odzaza.

Pobwerera adayamba kukamba za ku Mbenji, kumene adakagwirako utaka ali mnyamata. Chilumba chimenechi chili m'dera la Mfumu Makanjira konkuno ku Salima, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1950 chimatsekedwa nyengo ya dzinja, cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Asodzi onse amachoka, maukonde onse amatuluka. Miyezi imeneyo nsomba zogwidwa pa Mbenji ndi ziro, koma ziro wochita kumulondera, wokhala ndi lamulo la mfumu ndi chindapusa chake. Bambo adati ziro ameneyo ndi wosiyana ndi wa sabata ino, wobwera ndi mwera, ndipo onse awiriwa ndi osiyana ndi wachitatu amene amawaopa: bwato lopita usiku wabata, nyali zoyaka bwino, mafuta a injini a ngongole, nkubwerako m'mawa muli madzi okhaokha. Adati masiku amenewo akuchuluka kusiyana ndi kale. Sadaseke ponena zimenezi, ndipo inenso ndidasiya nthabwala. M'kope la masamu maziro atatuwa amalembedwa chimodzimodzi, koma pakhomo la msodzi mmodzi amagonetsa tulo, winayo amagonetsa ndi njala.

Buku langa ndidalimaliza Lamlungu monga ndidalonjezera. Ziro ndidamuchotsa koyambirira nkumuika kumapeto, ndipo masamba ndidawatembenuza kuti aziyenda chobwerera: nsomba zitatu pathandala, mphaka akusuzumira, ziwiri, imodzi, kenaka thandala lomwelo, mphaka atagona chagada. Mwana adafika pa tsamba lotsirizalo nkufuula yekha kuti palibe, ndipo adalemba dzira lake pansi pake, lopindika ngati mbatata. Bambo adaliyang'ana bukulo nthawi yaitali. Sadabweze mawu awo aja, munthu wamkulu sabweza mawu pamaso pa ana. Adangoti galu akakanda nkusapeza fupa, dzenje lokha amalisiya, ndipo dzenjelo wina akhoza kudzalamo chinangwa. Ndidafuna kuwauza kuti mwambiwo sutero, koma ndidakumbukira amene adalipira fizi.

Tsiku lonyamuka, mwana uja adandikumbutsa kuti ndidamulonjeza ndalama ya mandasi akamaliza buku. M'thumba mudali ya basi yokha, ndiye ndidang'amba kapepala m'kope muja nkulemba kuti amalume ali ndi ngongole ya K100, ndi kusaina pansi pake, Bambo ali mboni. Ndidalowa m'nyumba kukatenga chikwama. Potuluka ndidampeza atagwada pakhonde, lilime lili panja, pensulo yanga ili m'manja. Kapepala kaja kankati K10000, ndipo dzanja lidali lisanatope.

"Iwe! Ukuchita chiyani?"

"Palibe, amalume."