Pumbwa wa mu Mtengo wa Ndimu

Ntchito itandithera ku Lilongwe ndinabwerera kwathu kufupi ndi Chia, ndipo tindalama tomwe ndinatsala nato ndinatilowetsa m'dimba la tsabola wa kambuzi kuseri kwa nyumba ya amayi. Ndinathirira nyengo yonse ya mwera, m'mawa ndi madzulo. Mu Okutobala tsabola anayamba kupsa, apumbwa nawo anatulukira.

Wokulira kunyanja aliyense amamudziwa pumbwa. Mutu ndi wakuda, wa katsumba kakang'ono komwe amakadzutsa akakwiya. Msana ndi wotuwa ngati dothi la m'chilimwe, mimba yoyererako, koma kunsi kwa mchira kuli chikasu chowala chomwe umachiona bwino akatera panthambi ya pamwamba pako. Wamwamuna ndi wamkazi sungawasiyanitse ndi maso. Amayamba kuimba kusanache, asodzi a usipa asanakocheze. Kulikonse kumene kuli zipatso ndi kwawo: m'mitengo ya m'mbali mwa Bua, m'mphepete mwa nkhalango yolowera ku phiri la Chipata, ngakhale mu mkuyu wakale wa kumishoni uja amati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe mu 1863. Mapapaya ndi nkhuyu amadya, ngumbi amaziwakha m'malere. Tsabola samuwawa m'kamwa monga amachitira ife. Amameza ndi njere zomwe n'kukazisiya kwina m'zitosi, n'chifukwa chake kambuzi amamera yekha pansi pa mitengo.

Ine nthawi imeneyo ndinkangoona ndalama zanga zikutha. Ndinatuma mwana wa mlongo wanga kukagoma utomoni wa kachere, tinapanga ulimbo, n'kuupaka patimitengo m'mbali mwa dimba.

Amayi anandipeza ndikutchera. "Iwe, mbalame zimenezi ndi zomwe zimatiuza njoka ikalowa pabwalo pano. Ukazimva zasonkhana n'kumalalata pamtengo umodzi, pamakhala pali kanthu. Zileke." Ndinayankha kuti ndingogwira mmodzi kuti enawo aope.

Anakodwa m'mawa mwake. Ndinamupeza atalendewera chadodolido, phiko limodzi litamatirira pamtengo, mlomo uli yasa. Nditamugwira ndinamva mtima wake ukugunda m'chikhatho changa, ndipo mkwiyo wonse unandithera pomwepo. Amayi anamutembenuza n'kuuzira nthenga za pamimba. Panaoneka khungu lopanda nthenga, lofunda. "Ameneyu ali ndi chisa," anatero, n'kundibwezera.

Ndinafuna kumupulumutsa ndithu. Ndinakumbuka kuti palafini amachotsa utomoni m'manja, ndiye ndinathamangira botolo la nyali osafunsa munthu. Ulimbo unachokadi, koma palafini analowerera mpaka pakhungu. Mbalame inayamba kunjenjemera, maso akutsinzina, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo inali itauma m'katoni. Amayi pobwera kuchitsime anati ndikanapaka mafuta ophikira pang'onopang'ono.

Chisa anachipeza ndi mwana uja, pamphanda ya mtengo wa ndimu, mamita awiri okha kuchokera pomwe ndinkathirira tsiku ndi tsiku. Kanali kambale kakang'ono ka udzu ndi timizu, komangiriridwa kunthambi ndi ulusi wa kangaude, kopyapyala moti kuwala kumadutsa pansi pake. Munali tiana tiwiri tosaphenya ndi dzira limodzi losaswa, loyera mofiirira, lamawangamawanga.

"Amalume, timwalira ndi njala timeneti," anatero mwanayo.

Apa ndi pomwe ndinalakwa kachitatu, ndipo ndi pomwe pamandipweteka kwambiri. Ndinathyola nthambiyo n'kulowa nacho chisa m'nyumba, poganiza kuti ndi ana amasiye. Sindinaime ngakhale kanthawi kochepa kuti ndione ngati pali wina akuwadyetsa. Chonsecho apumbwa amalera ana onse awiri, mayi ndi bambo, ndipo tiana tatere timakulira tizilombo tofewa, mphutsi ndi ziwala zazing'ono. Ine ndinkatidontheza phala m'kamwa ndi kamtengo ka machesi. Tinkayasamula ndikangogwedeza chisa, ine n'kumati tikukhuta. Kamodzi kanafa usiku womwewo. Kachiwiriko ndinagona nako pafupi nditakafunditsa sokosi, koma sikanafike m'mawa wachiwiri.

Ndinatikwirira pansi pa ndimu pamodzi ndi dzira lija, kenaka ndinazula timitengo tonse ta ulimbo n'kutiponya pamoto. Ndikuwongoka, ndinaona pumbwa atatera panthambi yoyandikana ndi yomwe ndinathyola. Kukamwa kwake kunali chiwala chobiriwira. Anadumphira pachitsa cha nthambiyo, anasuzumira uku ndi uku, anaulukira pamango, n'kubwereranso chiwala chikadali kukamwa. Anatero masiku awiri. Amayi ankasesa pabwalo osayang'ana kumeneko, ndipo sanandinene kanthu.