Sitelingi wofa filimu isanayambe

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 nkhondo tinaiphunzira titakhala pabenchi. Sukulu yake inali video show, kachipinda kamdima kuseri kwa msika, mazenera otseka ndi ziguduli, komwe unkasiya makobidi pakhomo n'kukapanikizana ndi anzako mpaka thukuta lanu kukhala limodzi. Aphunzitsi athu anali Sylvester Stallone mu Rambo, Arnold Schwarzenegger mu Commando ya 1985, Chuck Norris ndi ndevu zake, ndi Jean-Claude Van Damme amene ankatambasula miyendo mpaka ife oonera kumva kuwawa. Phunziro linali limodzi lokha: sitelingi safa. Zipolopolo zimamulambalala, mfuti yake siuma, ndipo akavulala amadzisoka yekha ndi singano. Filimu ikatha tinkatuluka mapewa ali m'mwamba, aliyense sitelingi, osapezeka ndi mmodzi yemwe wovomera kuti mwina iye ndi msilikali uja amagwa pansanja akukuwa mayina a ochita sewero asanathe n'kulembedwa komwe.

Ndiye mlamu wanga ataimba foni kuti akazi awo apita ku Ntcheu kukaona mayi awo, nyumba ya ku Area 25 yatsala ya amuna, tibwere ndi malaputopu tidzawomberane kuyambira Lachisanu madzulo, ine ndinavomera ndi mtima wa munthu woti maphunziro anamaliza kalekale. Kunyumba ndinatsanzika kuti ndikupita kukakambirana ndi alamu nkhani zina za pabanja. Mayi a kunyumba, amene ndi mlongo wawo wa alamuwo ndipo nkhani za pabanjapo amazidziwa kuposa tonsefe, anangoti, "Mukapereke moni kwa zidole zanuzo. Lamulungu muzikhala mutafika, kuli alendo."

Tinakumana anayi. Panali alamu, panali Aphunzitsi amene amaphunzitsa Sitandade 7 ndipo salankhula popanda kuloza chala, panali a Makaniko amene zala zawo zimasiya girisi pachilichonse, ndi ine. Munthu wachisanu sitinamuwerengere. Anali mwana wamkazi wa alamu, wa Fomu 2, amene anatsala chifukwa cha mayeso ndipo ntchito yake inali yotiphikira tiyi. Iyeyu ndi amene analumikiza malaputopu onse ku karauta kakale, ife titatha nthawi yaitali tikukangana kuti chingwe chabuluu chilowe pati.

Gemu yake inali Counter-Strike. Anaipanga anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, mu 1999, pokonza gemu ina ya kampani ya Valve yotchedwa Half-Life. Kunja kuno anthu anafika kale pa Counter-Strike 2 yotuluka mu 2023, koma ife tinali pa 1.6, ya 2003, pazifukwa ziwiri zomveka bwino kwa munthu aliyense wolandira pakutha pamwezi. Choyamba, imayenda palaputopu iliyonse, ngakhale yanga imene ikayaka imalira kaye. Chachiwiri, mukalumikizana m'nyumba imodzi sifuna bandulo. Malamulo ake ndi osavuta. Gulu lina ndi zigawenga zofuna kutchera bomba, gulu lina ndi asilikali owaletsa. Aliyense amayamba ndi madola 800 ogulira zida, ndipo ukapha adani ndalama zimachuluka. Malo omenyerana tinasankha de_dust2, mudzi wafumbi wa makoma achikasu ndi mabokosi, umene Aphunzitsi anati akuuzindikira, ndi kwawo mwezi wa Okutobala.

Chimene Stallone sanatiuze n'chakuti nkhondo imafuna manja awiri ogwira ntchito zosiyana. Dzanja lamanzere limayendetsa miyendo pa mabatani W, A, S ndi D. Lamanja lili pa mausi, kuyendetsa maso ndi mfuti. Ine kuofesi ndimalemba ndi zala ziwiri, ndipo chimodzi mwa ziwirizo chimangoperekeza chinzake. Mpikisano utayamba, msilikali wanga anayang'ana kumwamba n'kuyamba kuzungulira malo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ndili mkati mosirira mitambo, a Makaniko anafika mosafulumira, anandiyang'ana, anandilambalala kuti aone bwino kumaso, kenako n'kuwombera.

"Achimwene, mumapemphera?" anafunsa.

Apa pali lamulo limene likufunika kulimvetsa, chifukwa ndi limene linalamulira masiku anga onse ku Area 25. Mu Counter-Strike ukafa sudzuka mpaka raundi ithe. Umakhala chete, manja pamiyendo, kuonerera anzako akumenyana. Kunena kwina, munthu wofa msanga amaonera filimu. Ine ndinasenza laputopu, kukwera minibasi ziwiri, kusonkha ndalama ya mayunitsi a magetsi, zonsezi kuti ndidzakhalenso pabenchi ya video show, kusiyana kwake kokha n'kwakuti tsopano mtembo umene uli pakona ya kanema ndi wanga.

Musaganize kuti ndinalibe nzeru za nkhondo. Nzeru zinalipo zambiri, ndipo ndinkazigawa mowolowa manja ndikangofa. Ndinkauza alamu kuti adani ali kumanzere, alamu n'kutembenuka, chipolopolo n'kuchokera kumanja. Nthawi ina ndinagula kabomba kothobwa maso, kamene umaponya kuti adani aone zoyera zokhazokha. Ndinakaponya mwaukatswiri, kanagunda khoma, kanabwerera, ndipo ine ndi alamu tinaona kuwala kumene Saulo anaona panjira ya ku Damasiko. Maso potseguka tonse tinali pansi, Aphunzitsi akuloza chala.

"Alamu," anatero mlamu wanga modekha, "mlongo wanga munamukwatira, palibe chimene ndingachite. Koma timu iyi si ukwati."

Anandigulitsa kwa Aphunzitsi. Aphunzitsi anandipirira pang'ono n'kundipereka kwa a Makaniko. Pofika pakati pausiku panakhazikitsidwa lamulo lakuti gulu lopambana ndi limene lizinditenga, kuti mphamvu zifanane. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo usiku umenewo zipolopolo zonse za mu de_dust2 zinkazimira mwa ine.

Loweruka m'mawa mwana uja analowa ndi tiyi ndi mandasi. Anagwada bwinobwino, anatisambitsa m'manja kuyambira wamkulu, kenako anapempha mwaulemu ngati angayeseko pamalo pa a Makaniko amene anapita kukaona galimoto ya kasitomala. Mtima wanga unadumpha. Tsopano ndapeza woti ndimuphe. Ndinali nditasunga ndalama mwa njira yanga yokhayo, yosagula kanthu chifukwa chofa ndisanakumbuke batani logulira, ndipo ndinatenga mfuti ya AWP, ija ya galasi loonera patali yopha ndi chipolopolo chimodzi. Mtengo wake ndi madola 4,750, ndalama imene m'moyo weniweni sindinaionepo itakhala pamodzi. Ndinabisala kuseri kwa bokosi, diso pagalasi, kupuma pang'onopang'ono monga amachitira m'mafilimu.

Mwanayo anabwera kumbuyo kwanga. Mfuti sanagwiritse. Anandibaya ndi mpeni, chimene mu gemu iyi ndi chipongwe chachikulu kuposa kutukwana, anatola AWP yanga n'kupha nayo bambo ake.

"Pepani ankolo," anatero osachotsa maso pakanema. "Ndikuwonjezereni shuga?"

Chipulumutso chinabwera masana, magetsi atazima. Ngakhale apa ndinatsogola ndine, poti batire ya laputopu yanga inatisiya zaka zapitazo. Anzanga anapitiriza pang'ono mpaka anazindikira kuti rauta nayo imadya magetsi. Tinatulutsa mipando pakhonde, tinatuma mwana wa aneba kukagula chipisi ndi kanyenya, n'kuyamba nkhani za mafilimu, bwalo limene ine sindigonja kwa munthu.

A Makaniko, atabwerako, anali ndi mlandu ndi Oppenheimer. Anamva kuti ndi filimu ya bomba la atomiki, ya Christopher Nolan, yopata mphoto ya Oscar mu 2024, ndipo anakhala pansi akuyembekezera moto. Anapeza maola atatu a azibambo ovala majekete akukambirana m'zipinda. Bomba lija linaphulikadi, m'chipululu cha New Mexico monga zinachitikira pa 16 Julaye 1945, koma pofika apo iwo anali atagona, ndipo anadzuka anthu atabwereranso m'zipinda kukafunsana mafunso. Aphunzitsi anati filimu imeneyo ndi ya anthu oganiza. A Makaniko anati misonkhano ya komiti ali nayo yokwanira kutchalitchi. Ine ndinaikira kumbuyo Aphunzitsi ndi mawu akuluakulu okhudza chikumbumtima cha munthu wa sayansi, osatchula kuti ndinaionera pafoni m'zigawo, ndipo chigawo chapakati chinandidutsa pa chifukwa chofanana ndi cha a Makaniko.

Pa John Wick tinagwirizana tonse. Uyu ndiye mdzukulu weniweni wa video show. Mu filimu yoyamba ya 2014 anamuphera galu n'kumubera galimoto, ndipo kuchokera pamenepo bamboyu sanapumepo. Mu yachinayi, ya 2023, amakwera masitepe 222 opita kutchalitchi cha Sacré-Cœur ku Paris akumenyana, atatsala pang'ono kufika pamwamba amamukankha, amagubuduka mpaka pansi, amadzuka, amakonza jekete n'kuyambiranso. Keanu Reeves anabadwa mu 1964. Ndi wamkulu kwa ine. Ine dzulo lake ndinatsika minibasi molakwika bondo n'kulira, ndipo mpaka pano ndikulinyengerera. Alamu anati anaionera kawiri, kachiwiriko ndi ija yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni, amene amalankhulira aliyense ndi mawu amodzi, amapatsa azungu mayina a kumudzi, ndipo nkhani ikawavuta amapeka yawo. Malinga ndi alamu, yopekayo inali yomveka kuposa yeniyeni.

Poti tinali mumdima wa masana, nkhani inafika yokha pa The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, imene Chiwetel Ejiofor anadzajambula konkuno, ochita sewero akulankhula Chichewa. Tinakangana pang'ono za katchulidwe kawo, ife amene Chingelezi chathu chimathawitsa agalu. Kenako Aphunzitsi anakumbutsa kuti William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina a mphepo opangira magetsi, ndi zitsulo zotola, njinga yakale ndi buku la mulaibulale. Tinayang'anana. Azibambo anayi, mmodzi makaniko, malaputopu anayi, mafoni asanu ndi limodzi, tonse titakhala pakhonde kudikira kuti ana a m'mudzi akuwe kuti ayaka.

Anakuwadi chakumadzulo. Pofuna kunditeteza, alamu anati zowomberana zikwane, tisewere mpira. Anatulutsa PlayStation 4 yobwereka ndi gemu ija tonse timaitchabe FIFA, ngakhale eni ake a EA Sports anasiya dzinalo mu 2023 n'kuyamba kuitcha FC. Apa ndinalimba mtima, chifukwa mpira ndimaudziwa. Ndakhala ndikuphunzitsa makochi a Flames kudzera pawailesi kwa zaka zambiri, kwaulere. Bullets ndi Noma mulibe mu gemuyi, zimene zinatipulumutsa ku ndewu yeniyeni, koma mwana uja anatisonyeza kuti matimu a amayi alimo. Anasankha Kansas City Current chifukwa muli Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Ine ndinatenga Lyon ya ku France, komwe kuli mkulu wake Tabitha. Ndinalengeza kuti wamkulu ndi wamkulu, ngakhale ku Rumphi amadziwa zimenezo.

Tabitha wa m'manja mwanga sanali Tabitha amene mumamudziwa. Ankathamangira ku mbendera ya pakona, ankapatsira mpira adani mwaulemu, ndipo atatsala yekha ndi goloboyi anaima n'kubwezera mpira kumbuyo, chifukwa batani lomenyera ndi lopatsira anawaika moyandikana mwadala. Temwa kumbali inayo ankadutsa oteteza anga asanamve kuti mpira wayamba. Ndinapeza batani limodzi lokha limene linkandimvera, lija logwetsera mdani ndi miyendo iwiri, ndipo ndinalikhulupirira mpaka oyimbira mpira anayamba kutulutsa atsikana anga mmodzimmodzi. Ndinanena kuti padi yanga ndi yakufa. Tinasinthana. Inapezeka kuti inayonso inafa itangofika kwa ine.

Lamulungu m'mawa ndinalowa m'tchalitchi maso ali psuu. Pa ulaliki, chala changa chapakati chinkadina W pabondo, ndipo mkulu wa mpingo atatulukira mwadzidzidzi kumbuyo kwanga ndi mbale ya chopereka ndinadzidzimuka mpaka anthu a benchi yonse anatembenuka. Ndinaponya zonse zimene zinali m'thumba, kuphatikizapo ya minibasi.

Kunyumba ndinafika wapansi, alendo atatsala pang'ono kufika. Nkhani inali itandidutsa kale panjira, chifukwa mwana uja ndi azakhali ake amalemberana pa WhatsApp. Mayi a kunyumba anandilandira laputopu ndi manja awiri, anandipatsa mpeni, n'kuloza tambala amene ankatakasa kuseri kwa bafa.

"Poti mwachokera kunkhondo, bambo, tithandizeni ndiwo."

Ndinamuzembera kuchokera kumbuyo, monga ndinaonera kwa mwana wa alamu. Tambalayo anandiyang'ana ndi diso limodzi, anadutsa pakati pa miyendo yanga, anakwera mpanda n'kugwera kwa aneba. Anamugwira ndi kamnyamata ka Sitandade 3, kamene kanabwera naye katamukolekera m'khwapa n'kufunsa ngati ankolo angathe kupha okha kapena kaitane amayi ake.