Malangizo kwa Wofuna Kulemera ndi Mangwee

Kumayiko a azungu kuli anthu amene amasunga makobidi m'mabuku, osagulira ngakhale mchere. Inunso a ku Minga mungathe, ndipotu munayamba kale osadziwa.

Yambani ndi 5 ngwee ndi 10 ngwee. Kuzipeza sikuvuta, chovuta n'kuzichotsa m'manja. Chiyambire pa 1 Januwale 2013, pamene Bank of Zambia inadula maziro atatu pa kwacha n'kubweretsanso makobidi, tindalama timeneti timayenda ulendo umodzi wokha: kuchoka m'sitolo ya m'tauni kukagona m'chitini cha pawindo. Banki imati ndi ndalama zovomerezeka. Kawauzeni zimenezo amayi ogulitsa nthochi pa Nyimba, basi ikuliza hutala, mudzamve yankho. Mwini kantemba akakupatsani switi m'malo mwa chenji, imeneyo musasunge. Nyerere sizidziwa za mbiri ya dziko.

Kenako phunzirani kulemekeza zithunzi. Pa 50 ngwee ya 2013 pali njovu. Ngati munda wanu uli cha kuchigwa cha Luangwa, mukuidziwa bwino: inadya chimanga chanu usiku umodzi, boma n'kuithokoza ndi khobidi. Pa K1 ya 2013 pali kambalame kopezeka m'Zambia mokha, cha ku Kafue uko. Simunakaonepo, koma mlendo akafunsa muziti ndi m'bale wathu.

Mukatola 50 ngwee yachikumbutso ya 2014, kapena yakale ya nkhope ya Kaunda, bisani. Alamu anu asaione, angakagulire fodya. Ana auzeni kuti ndicho chuma chamasiye, ayambiretu kukangana.

Tsopano popeza mu 2025 K2 ndi K5 zinasanduka zachitsulo, malo ojambulapo achuluka. Lemberani kalata a ku Lusaka. Auzeni kuti ulendo wina adzaikepo zinthu zimene zimasungadi mtundu: phava la nthochi za ku Nyimba, nsawa za ku Petauke, njinga yosenza matumba atatu a makala, mabuleki ake ali chidendene. Mbewa yowamba aipatse K5, chifukwa yadyetsa mabanja ambiri kuposa njovu.

Kalatayo ikapanda kuyankhidwa musadandaule. Tengani chitini chija Lamulungu mupite nacho ku Misa. Mbale ya chopereka yokha ndiyo sinakanepo 5 ngwee, ngakhale kuti owerenga ndalama adzakudziwani ndi kulira kwake.