Atsibweni Anu Ayamba Kuyenda Cham'mbali

Mulu wa usipa pamsika wa Nathenje wafika poti munthu ukhoza kuwerenga tinsombato ndi zala za dzanja limodzi, chala chachikulu n'kutsala opanda ntchito. Atsibweni anu, amene amalemba tsamba lino ndi cholembera chobwereka, anaima pabenchi ya wogulitsa Loweruka lina nafunsa mwaulemu ngati umenewo unali mulu kapena chitsanzo chabe cha mulu. Mnyamatayo sanaseke. Anati mafuta akwera, matola ochokera ku Salima akwera, dola yakwera. Atsibweni anafunsa ngati usipa wayamba kulipira lendi m'madola kunyanjako. Mnyamatayo anatola kamodzi pamulu paja n'kukabwezera m'dengu, ati chifukwa cha mwano.

Mu May 2022 kwacha anaidula mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 anaidulanso ndi 44 peresenti. Odziwa zachuma ankafotokoza pawayilesi kuti ndalamayo sikugwa ayi, akungoisuntha kuti ikhale pamalo pake. Atsibweni ndi munthu womvera akuluakulu. Ngati chinthu sichikupita kutsogolo, komanso eni ake akuti sichikubwerera m'mbuyo, ndiye kuti chikuyenda cham'mbali. K5,000 ija inatuluka mu 2022 anthu n'kumaiopa kuigwira, lero imapita kumsika yokha, osabwerako ndi chenji.

Kunyumba aNaphiri anayang'ana m'jumbo, anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ananso m'jumbo.

"A Banda, nkhwani dzulo, nkhwani dzana. Anawa posachedwa amera masamba. Amuna anzanu akamachoka kumsika agalu amawalondola. Inu ngakhale mphaka sakutembenuka."

Apa m'pamene Atsibweni anakumbukira kuti pali ndiwo ina imene a IMF sanaimvepo. Imakhala pansi pa miyala m'timitsinje totsika m'phiri la Nkhoma kulowera ku Linthipe, ilibe mwini, siikwera matola, ndipo dzina lake ndi nkhanu.

Ntchitoyi anaiona kuti ndi yawo ndithu. Atsibweni ndi mkamwini, ndipo mkamwini amaphunzira kuyenda cham'mbali asanaphunzire komwe kuli nkhokwe. Apongozi akatulukira panjira, iye amalowa m'tchire chopendekera, maso kwina, miyendo kwina, chisoso chikumata thalauza. Wangongole akatulukira, n'chimodzimodzi. Wotolera chopereka cha chitukuko cha tchalitchi akatulukira, liwiro limawonjezeka. Munthu amene wachita zimenezi kuyambira nthawi ya Bakili Muluzi sangalephere kudziwa maganizo a nkhanu. Anauza aNaphiri kuti atsuke mphika waukulu uja wa pamaliro.

Anatenga mwana wawo wa Sitandade 5 kuti azinyamula ndowa. Atafika kumtsinje zinadziwika kuti wonyamula ndowa ndi Atsibweni. Mwanayo anaima kumunsi kwa mwala, kuutukula pang'onopang'ono, kudikira kuti matope apite ndi madzi, kenako dzanja psiti! Nkhanu ili m'manja, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitagwira chigoba kumbuyo kwa zopanira, kumene mwini wake sangafikeko. Pamene panali una m'gombe, anamanga katumbo ka nkhuku kuluzi n'kukatsitsa pakhomo. Nkhanu ikagwira nyambo sitaya. Umaikoka, imatuluka m'madzi, ikulendewera m'mwamba, ndowa ili pansi ikudikira, koma iyo ili gwa! Atsibweni anati khalidwe limeneli analionapo kwa anthu ena amipando, koma poti tsamba lino ndi la ndiwo, anangokhosomola.

Kenako anati nthawi yakwana yoti mwana aone ukatswiri wa kale. Anapinda malaya, anagwada, analowetsa mkono wonse mu una mpaka phewa.

"Ababa, musapise choncho, imeneyo ndi yaikulu."

"Iwe, ine ndinayamba kugwira nkhanu amako asanamere mano."

Nkhanu ili ndi miyendo khumi. Isanu ndi itatu ndi yoyendera, iwiri yakutsogolo ndi yokambirana ndi alendo. Mfuu umene unatuluka m'kamwa mwa Atsibweni unadzutsa atsekwe padambo, ndipo amayi amene ankachapa kumtunda anaimika ntchito. Atsibweni anawatsimikizira kuti akuyeserera nyimbo ya chitsitsimutso. Anatuluka m'madzimo akuvina cham'mbali, nkhanu ili lende pachala, ndipo mpaka lero sizikudziwika kuti wagwira mnzake anali ndani.

Ina imene anaigwira mwanayo anaitembenuza, kuiyang'ana kumimba, n'kuibwezera m'madzi. Atsibweni anafuna kulira. Koma pansi pa kachivindikiro ka kumimba kwake panali tiana tambirimbiri, tokwanira kale miyendo, tikuyendayenda. Nkhanu za m'mitsinje zimatero: yaikazi imasunga mazira pamimba mpaka aswe, ndipo tianato imatinyamula kwa kanthawi tisanabalalike. Mwanayo anati akaidya lero, chaka chamawa adzapisa mu una wopanda kanthu. Mwana wa Sitandade 5 ameneyu Atsibweni akuganiza zomutumiza ku Capital Hill, kungoti alibe ya basi.

Musaganize kuti ndiwo zamtunduwu n'zaumphawi kulikonse. Ku Louisiana, m'dziko la America, kuli tinkhanu tina tamchira timene amati crawfish. Amatiweta m'minda ya mpunga, kutiwiritsa m'miphika ikuluikulu pamodzi ndi chimanga, mbatatesi ndi tsabola, n'kukhuthulira pathebulo mudzi wonse n'kuzungulira. Tauni ya Breaux Bridge imachita chikondwerero cha tinyamati chaka ndi chaka. Kwa anansi athu ku Zambia, mtundu wina wochokera ku Australia unapulumuka m'maiwe owetera n'kudzaza mtsinje wa Kafue ndi nyanja ya Kariba, ndipo asodzi kumeneko akulira chifukwa umadya nsomba zili muukonde. Tinkhanu tamchirati tikadzidzimuka timathawa chobwerera m'mbuyo. Atsibweni akuti kwacha yathu iyenera kuti inaphunzira sukulu ziwiri: pulayimale kwa nkhanu ya ku Linthipe, sekondale ku Kafue.

Kuphika kwake sikuvuta. ANaphiri anazitsuka kuchotsa matope, atagwira mphuno ndi dzanja limodzi, n'kuziponya m'madzi owira amchere. Nkhanu yolowa mumphika ili yoderapo imatuluka ili psuu, ndipo iyenera kupsa ndithu, osati kungoiopseza ndi moto. Kenako anakazinga anyezi ndi tomato m'mafuta a m'katchubu, amene masiku ano amathiridwa mowerenga madontho, anathira nsinjiro, n'kubwezeramo nkhanu zija kuti zimwe msuzi. Mphika wa pamaliro uja sunagwire ntchito. Zonse zinakwana m'kapoto ka tiyi.

Kudya kwake ndiye ganyu. Umaswa chopanira ndi mano, kuyamwa, kutokosa ndi kamtengo, n'kupezamo kanyama koti nyerere ikhoza kunyamula yokha osaitana anzake. Nsima inazizira Atsibweni akadali pamwendo wachitatu. Koma msuzi wake, abale, msuzi wake! Ana ananyambita mbale mpaka maluwa ojambulidwa pansi paja anayamba kufufutika.

Fungo linaitana mlendo. Mkulu wa mpingo wina wapafupi anangodutsa kudzapereka moni, monga amachitira anthu nthawi ya nkhomaliro. Ataona zigoba anagwira pakamwa.

"A Banda, kuno ndi ku Nkhoma. Mishoni inakhazikika pano mu 1896. Buku Lopatulika limene a William Murray ndi anzawo anavutika nalo kumasulira mpaka kutuluka mu 1922, inu simunafike nalo pa Levitiko 11?"

Mutu umenewo umaletsadi zam'madzi zopanda zipsepse ndi mamba. Atsibweni anayankha kuti iwo Baibulo amaliwerenga modumphadumpha, ndipo anagwera pa Machitidwe 10, pamene Petro anaona chinsalu chodzaza nyama zamitundumitundu nauzidwa kuti adye. Anawonjeza kuti mlamba nawonso ulibe mamba, koma sanaonepo mkulu wa mpingo akuuthawa. Mkuluyo anasamba m'manja, ati angolawa kuti adziwe kukula kwa tchimolo. Analiyeza kawiri, n'kupempha ntchintchi ina ya nsima kuti atsimikize.

Atsibweni amaseka, koma pali china chimene sichinawaseketse kumtsinje kuja. Pamene ankasambira ali mnyamata, lero madzi amalekeza m'kakolo. Mikuyu ndi mikundi ya m'gombe inapita kuuvuni wa njerwa, madimba afika mpaka m'madzi, ndipo amene anaimapo pamsewu wa ku Mitundu m'mawa amadziwa kuchuluka kwa njinga za makala zochokera ku Dzalanyama. Wokwera njingayo si mfiti, nayenso akusaka ndiwo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 ndi opinimbira. Ku Bunda, pafupi pomwepa, aphunzitsi akhala akuphunzitsa ulimi wa makumba ndi chilunguni m'maiwe kwa zaka zambiri, koma mwana wa m'mudzi woyandikana ndi sukuluyo amatha mwezi osalawa nsomba. Dziko lokhala ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500 siliyenera kutuma bambo wa imvi kukapisa m'maenje kuti ana ake adye chanyama. Amene amasuntha ndalama ali muofesi yozizira adzabwere tsiku lina adzawerenge usipa wa pamulu, mokweza, ana akumva.

Chala chatupa, ndipo adokotala ena amene anachiona anafunsanso ngati Atsibweni anakhalitsa m'madzi, poti m'timitsinje totere muli nkhono zofalitsa likodzo. Ndiwo yaulere ija tsopano ikufuna botolo la mkodzo ndi ya kabaza.

Madzulo ake kunabwera kamtsikana kuchokera kunyumba ya apongozi, katanyamula mbale yovindikira. Kanagwada patali.

"Akuti agogo, iwo zinthu zamiyendo yambiri sadya, ndipo akudabwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wotola zam'matope."

"Chabwino, mama. Nanga mbaleyo?"

"Akuti msuzi ulibe miyendo. Ndipo akuti mawa mulawire, chifukwa a kwa Nabanda nawo amva, akuti apita ndi ndowa ziwiri."