Mitundu 7 Imene Ndinatulukira M'beseni

Ndiulule ndekha anthu asanaikometsere nkhaniyi. Mphunzitsi amene analengezedwa pa asembule kuti watulukira mitundu 7 yatsopano ya tizilombo ta m'madzi ndine. Mkulu wa mpingo amene anamuona akutuluka kwa mayi wotcheza kachasu atakolekera mabotolo panjinga ndine ndemwe.

Tinandipalamulitsa ndi tizilombo totchedwa ostracod, abale ake a nkhanu. Tambiri sitipitirira mamilimita 2, ndipo thupi lonse limabisala m'tizigoba tiwiri totseka ndi kutsegula. Timakhala m'nyanja, m'madambo, m'minda ya mpunga, ngakhale m'zithaphwi za mvula. Ndinatidziwa usiku wina tulo titandithawa, ndikusanthula foni. Ndinawerenga za Georg Ossian Sars wa ku Norway, amene ankalandira dothi louma lochokera ku South Africa ndi Australia, n'kulithira madzi kwawoko. Mazira obisala m'dothimo ankaswa, iye n'kumatcha mayina tizilombo ta m'mayiko akutaliwo ali khale pa mpando. Ndinawerenganso kuti mu 2003 Koen Martens wa ku Belgium analemba za mitundu 5 yatsopano ya fuko la Gomphocythere yopezeka m'nyanja ya Malawi. Mtima unati phwii! Munthu wa ku Belgium apeze 5, nanga ine wakuti dambo lili kuseri kwa nyumba ndipeza ingati?

Panalinso china chimene chinkandikoka. Wotulukira mtundu watsopano amaloledwa kuutcha dzina la munthu amene akufuna kumulemekeza. Ine ndinali ndi ngongole kwa apongozi anga aakazi, ya ndalama za feteleza, ndipo moni wawo unali utayamba kufupika. Ndinaona kuti dzina lawo likalowa m'mabuku a sayansi, nkhani ya feteleza izilala yokha.

Dzuwa la mu Okutobala lili ng'aa, ndinakakumba dothi long'aluka m'dambo lina kufupi ndi nyanja ya Chilwa, n'kudzasiya thumba kuseri kwa khitchini osauza munthu. Mawa lake pochokera kusukulu ndinapeza khonde lonse lili pepepe, lozira bwino.

“Bambo, dothi losalala chonchi munalipeza kuti?” anandifunsa mayi a kunyumba akusamba m'manja. “Mukapitanso mukatenge lambiri, kuchipinda kwa ana sindinazire.”

Ndinabwerera kudambo, ndipo ulendo uno thumba linagona pansi pa bedi. Ndinagawa dothilo m'mabeseni, ndinathira madzi, n'kudikira. Zoyamba kuswa zinali mphutsi za udzudzu, moti aneba anayamba kufunsa ngati ndalowa ulimi watsopano. Koma patapita masiku ndinaona timadontho tikuthamanga pamwamba pa matope. Ndinabwereka maikulosikopu ya kusukulu, ndinayang'ana, ndipo ndinafuula mpaka galu anathawa. Tinalipo tating'onoting'ono tokhala ngati ta makona atatu, tokulirapo tozungulira, tina totalika, ndiponso kamodzi kakakulu kokhala ndi mizere pachigoba. Ndinajambula tonse m'kope, ndinawerenga, ndinapeza mitundu 7.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinapita nayo nkhani ku sitafu rumu m'mawa womwewo. Lolemba inamveka pa asembule, ana anaomba m'manja, ena anayamba kunditchula kuti pulofesa. Apongozi atamva kuti kachilombo kakakulu kaja katenga dzina lawo, anapha tambala, ndipo chiwindi anandiikira m'mbale yanga.

Tsono panafunika kutisunga kuti ndikationetse kwa akatswiri. Mabuku amati tisungidwe mu spirit wamphamvu. Ine ndinalibe, choncho nzeru zinandiuza kuti mutu wa kachasu ndi m'bale wake. Ndiye ulendo uja wa panjinga, umene mpaka lero ndikuufotokozabe kumpingo. Mabotolo ndinawamata mapepala, n'kuwandanda pawindo. Alamu anga atabwera kudzacheza, sanavutike n'kuwerenga mapepalawo. Ndinawapeza akupukuta pakamwa.

“Alamu, mwamwa mtundu wachinayi!”

“Nchifukwa chake umakanda kukhosi,” anatero, n'kuyang'ana botolo lachisanu.

Chotsatira ndi chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Tizigoba tina tinali ndi matope, ndiye ndinati nditiyeretse ndi viniga. Ine amene chaka ndi chaka ndimaphunzitsa ana a Fomu 2 zimene asidi amachita akakumana ndi laimu, ndinaiwala kuti tizigobati timalimba ndi laimu yemweyo. Ndinaona tithovu tikukwera, ndipo ndinasangalala kuti litsiro likuchoka. Pomwe ndinkatsanula, mitundu iwiri inali itasanduka timatumba tofewa topanda maonekedwe.

Zotsala, pamodzi ndi kope langa, ndinapita nazo ku Zomba kwa mayi wina wodziwa za tizilombo ta m'madzi. Anandilandira bwino, anayang'ana m'makina awo nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

“Aphunzitsi, kodi mukudziwa kuti tizilomboti timafundula?”

Ndinati ndikudziwa, chonsecho ndinkamva koyamba. Anandifotokozera kuti ostracod wa mtundu ngati uwu amafundula maulendo 8 asanakhwime, ndipo ulendo uliwonse chigoba chimakula ndi kusintha maonekedwe, miyendo inanso n'kumaonjezekera. Mitundu yanga 6 inali mtundu umodzi: makanda, ana, achinyamata ndi mayi wawo. Ndinaloza kakakulu ka mizere kaja, ka apongozi. Anapukusa mutu. Kameneko sikanali ostracod n'komwe, koma clam shrimp, ka gulu lina lotchedwa Branchiopoda. Iko sikataya chigoba chakale pofundula, nchifukwa chake kamakhala ndi mizere yosonyeza kakulidwe. Ostracod amataya chigoba chonse, motero mizere yotereyo alibe.

Kenaka anandionetsa mmene ntchitoyi imagwiridwira. Pafupifupi ma ostracod onse a m'madzi opanda mchere ali m'magulu akuluakulu atatu: Cypridoidea, Cytheroidea ndi Darwinuloidea. Pofuna kudziwa gulu, amayang'ana mkati mwa chigoba, pamene pali zipsera za minofu yotsekera. Mwa Cytheroidea zipserazo zimakhala 4, pa mzere woima. Mwa Darwinuloidea zimazungulira malo amodzi. Mwa Cypridoidea zimangounjikana. Ndiye kuti tizigoba timene ndinasungunula ndi viniga tinali umboni woyamba. Ukadziwa gulu, umatsikira ku banja, kenaka fuko, kenaka mtundu. Dzina la fuko lili ngati mfunda, limagwira abale ambiri, pamene dzina lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokha.

Kuti ufike pa mtundu, chigoba chokha nthawi zambiri sichikwanira. Umatsegula kachilombo ka milimita imodzi ndi masingano awiri osongoka kwambiri, n'kuchotsa tiziwalo kamodzikamodzi, tinyanga, tinsagwada ndi timiyendo, n'kumawerenga tiubweya ta pa mfundo iliyonse. Anaonjeza kuti chizindikiro chodalirika kwambiri ndi ziwalo zoberekera za kamphongo, chifukwa mitundu yofanana kunja imasiyanira pamenepo. Ine mkulu wa mpingo ndinangoyang'ana kudenga. Vuto lake n'lakuti mwa mitundu yambiri ya m'madambo amphongo kulibe: takazi timaikira mazira oswa popanda mwamuna. M'banja la Darwinulidae amphongo ndi osowa kwambiri, moti pamene atatu anapezeka ku Japan, nkhani yake inalembedwa mu 2006 ngati chinthu chodabwitsa.

“Nanga mayi wawoyu ndani?” ndinafunsa, chiyembekezo chikadalipo pang'ono.

Anati popanda kumutsegula sangalumbire, koma akufanana kwambiri ndi Heterocypris incongruens, wa m'banja la Cyprididae, amene amapezeka m'zithaphwi pafupifupi dziko lonse lapansi. Anatchedwa dzina mu 1808. Lamulo la mayina a nyama limati dzina loyamba kusindikizidwa ndilo limagwira ntchito. Ndinachedwa ndi zaka zoposa 200. Ndipo ngakhale akanakhala watsopano, pakanafunika kumuyerekeza ndi abale ake onse odziwika, kumujambula chiwalo ndi chiwalo, kusunga mmodzi ku myuziyamu ngati chitsanzo, ndi kusindikiza zonsezo poyera. Mndandanda umene Claude Meisch, Robin Smith ndi Koen Martens anatulutsa mu 2019 uli ndi mitundu 2,330 ya kunja kwa nyanja zamchere. Ine ndinali ndisanauonepo.

Kunyumba ndinayesa kufotokoza kudzera mwa mayi a ana. Yankho la apongozi linabwera lalifupi: za tizilombo sakuzidziwa, koma feteleza akumudziwa, ndipo tambala analinso ndi mtengo wake. Ndinalipira zonse. Ana a sukulu sanasiye kunditchula pulofesa, kungoti masiku ano amatero akuseka.

Komabe mayi wa ku Zomba uja ananena mawu amene ndikufuna ndiwapereke kwa ena. Ntchitoyi si yachabe. Pamene akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005, tizigoba ta ostracod topezeka m'matope akale tinathandiza kuonetsa kuti zaka pafupifupi 100,000 zapitazo madzi a nyanjayi anatsika mamita mazanamazana. Anatha kuwerenga mbiri imeneyo chifukwa panali anthu odziwa kusiyanitsa mitundu ya m'madzi akuya ndi ya m'madzi osaya. Anthu oterewa kuno kwathu ndi ochepa, pamene madambo ndi ambiri.

Ngati ndinu wachinyamata ndipo tizilomboti takukokani, pitirizani. Koma pezani spirit weniweni, viniga musamuyandikize, ndipo musalengeze kanthu katswiri asanaone zimene mwapezazo.