Bambo a Mavuto Alowa Gulu la Osadya Nyama la ku Manchester

Loweruka lina bambo a Mavuto anapita ku butchala ndi ndalama zimene kale zinkagula theka la kilo ya nyama ya ng'ombe, mafupa n'kuikirapo banyira. Wa butchala anaziwerenga kawiri, kenako n'kuwayang'ana ngati munthu wobwera ndi chipepeso. "Achimwene, izi ndiye mungonunkhiza mpeniwu," anatero. Bambo a Mavuto anaseka nawo poti pamzere panali anthu, n'kutembenuka ulendo wa kwa amayi ogulitsa mpiru.

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyama m'nyumba mwawo imabwera ngati m'bale wa ku Joni: kamodzi pachaka, ndipo sachedwa kubwerera.

Tsikulo anali atavala tisheti ya pa kaunjika ku Limbe, yokhala ndi chithunzi cha msilikali wa chipewa chachitsulo, pambali patalembedwa kuti The Smiths. Zaka ziwiri zonse akuivala, iwo ankangoti ndi kampani ya alonda. Anadzawatsegula m'maso ndi mphwawo wa ku koleji, amene anawapeza pakhonde mpiru uli m'manja.

"Amalume, kodi munasiya nyama?"

"Yandisiya ndi iyoyo. Bwanji?"

Mnyamatayo analoza chipewa cha msilikali uja. Mawu olembedwapo, Meat Is Murder, ndi dzina la chimbale chimene gulu loimba la The Smiths linatulutsa mu 1985, ndipo akutanthauza kuti kudya nyama n'chimodzimodzi kupha. Bambo a Mavuto anakhala chete kwa kanthawi, kenako anawongola mapewa. Umphawi wawo unali utapeza dzina lachizungu.

Mzinda wa Manchester iwo ankaudziwira ku mpira basi. Koma kumeneko, mu Meyi 1982, mnyamata wa zaka 18 woimba gitala, Johnny Marr, anakagogoda pakhomo pa mnyamata wina ku Stretford, dzina lake Steven Morrissey, wosagwira ntchito, wongobindikira m'chipinda kwa amayi ake n'kumawerenga mabuku. Inali nthawi ya Margaret Thatcher, malova ku Britain atapitirira 3 miliyoni. Kwathu kuno wogogoda pakhomo pa lova amakhala mwini nyumba kapena wa katapila. Koma Marr ankafuna munthu womulembera mawu a nyimbo n'kumaziimba. Pambuyo pake anawonjezerapo Mike Joyce pa ng'oma ndi Andy Rourke pa besi.

Dzina anasankha dala lofala kuposa onse kwawoko. Zili ngati anyamata anayi a ku Ndirande atati gulu lathu ndi A Phiri, dzina loti ukaitana pa depoti amacheuka theka la basi, ndi kondakitala yemwe.

Anayamba kuimba pagulu pa 4 Okutobala 1982 ku Ritz, mumzinda womwewo. Kaseti anainyamula okha kupita nayo ku London, kwa Geoff Travis wa Rough Trade, kakampani kodziimira pakokha, kosadalira makampani akuluakulu, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zotere amazitcha indie. Nyimbo yawo yoyamba mu Meyi 1983 sinapite patali pa malonda. Anawatola ndi John Peel wa pa BBC Radio 1, amene ankaulutsa usiku magulu osadziwika. Pofika Novembala chaka chomwecho Morrissey anali pa kanema, pa pulogalamu ya Top of the Pops, akuzunguliza m'mwamba mtolo wa maluwa a gladioli, ndipo chimbale chawo choyamba mu Febuluwale 1984 chinafika pa nambala 2. Cha nyama chija chinafika pa nambala 1.

Mphwawo anawaikira nyimbo imodzi pafoni. Gitala amathamanga ngati wa paukwati, mawu akulira ngati a pasiwa. Bambo a Mavuto anagwedeza mutu: munthu wosadya nyama amamveka.

Chimene chinawagwira mtima kwambiri ndi otsatira gululo. Anali achinyamata amanyazi, osowa anzawo, aja okhala kumapeto kwa kalasi. Ankabwera ku zoimbaimba atanyamula maluwa, tsitsi atapesa choimika ngati Morrissey, ena atavala magalasi otchipa a kuchipatala cha boma ngati iyeyo, ndipo anyamata ankakwera pa siteji kukamukumbatira, alonda n'kumawakoka. Mpaka lero amachokera kutali kukajambulitsa pakhomo pa Salford Lads Club, poti gululo linajambulitsapo chithunzi cha chimbale cha 1986. Ena ambiri anasiya nyama chifukwa cha chimbale cha Meat Is Murder chija.

Apa bambo a Mavuto anaona kuti onsewo ndi ana kwa iwo. Ajawo anasiya nyama atamva nyimbo. Iwo anasiya asanamve n'komwe. Ajawo amadutsa pa butchala ndalama zili m'thumba, n'kumalimbana ndi mtima. Iwo mayeserowo anawagonjetseratu, boma ndi Reserve Bank zitawathandiza.

Lolemba anapita kuntchito mtolo wa mpiru atautsomeka m'thumba lakumbuyo la thalauza, monga Morrissey ankachitira ndi maluwa. Mu minibasi anaukhalira. Potsika pa Ginnery Corner mbuzi panalibe, mwamwayi, koma wina anawafunsa ngati akugulitsa.

Madzulo anaitanitsa msonkhano wa banja n'kulengeza kuti nyumba ino siidyanso nyama chifukwa cha chikhulupiriro. Mayi a Mavuto anapitiriza kusankha nyemba.

"Abambo ake a Mavuto, ndiye bonya uja ndimutaye?"

Nkhani inavuta. Anagwirizana kuti bonya ndi wamng'ono kwambiri moti sangawerengedwe m'gulu la ophedwa. Ngumbi zimadzibweretsa zokha pa nyali, choncho mlandu ndi wa izozo. Za mbewa anati akambirana nyengo yake ikafika. Soya pisesi yekha ndi amene anadutsa popanda mtsutso, ngakhale naye mtengo wake wayamba kudzimva ngati anali ndi ziboda.

Koma usiku, onse atagona, bambo a Mavuto anamvetseranso nyimbo ija, ndipo sanaseke. Mwamuna wamkulu anaima pagulu n'kunena kuti ndine wosungulumwa, zinthu sizikundiyendera, ndipo amuna anzake anakwera pa siteji kudzamukumbatira. Kuno mwamuna wa ngongole mpaka m'khosi ukamufunsa kuti muli bwanji amati ndili bwino kaya inu, poti anamuuza ali mwana kuti mwamuna salira. Apolisi akamawerenga anthu odzipha, ambiri amakhala amuna, ndipo pamaliro timadabwa kuti bwanji sananene. Akanauza ndani? Tikanamuseka, n'kumugulira kabotolo kuti aiwale.

Gulu lija silinakhalitse. Linatha mu 1987, litajambula zimbale zinayi za mu situdiyo, ndipo mu 1996 anakumana kukhoti ku London. Zinadziwika kuti pa ndalama za zimbale ndi zoimbaimba Morrissey ndi Marr ankatenga 40 peresenti aliyense, wa ng'oma ndi wa besi 10 peresenti aliyense. Joyce anawina mlanduwo. Bambo a Mavuto atamva izi anapumira m'mwamba: kani osadya nyama nawo amadziwa kuikira nthuli zazikulu mbale yawo.

Chikhulupiriro chawo chinatha masiku asanu ndi limodzi. Lamlungu apongozi anabwera kuchokera ku Thyolo ndi tambala wachikuda m'dengu. Bambo a Mavuto analowa kuchipinda, n'kutembenuza tisheti ija kuti msilikali ayang'ane mkati, kenako anapempha mpeni. Anadya ntchafu, nthutumba ndi khosi, ndipo mpiru anausiyira ana.